Mawu Amene a Nthambo Sanajambule

Tsiku limene dokotala ananena kuti mkazi wawo sadzayankhulanso, a Nthambo anali kumvetsera fani. Fani ya mu ofesimo inali ndi kaphokoso kachilendo, ndipo iwo anadziwa nthawi yomweyo kuti pali bawuti imene yamasuka. Dokotala anafotokoza ndithu mwachifatse, mpaka kuloza pakhosi pake ndi cholembera, koma mawu akewo sanapeze pokhala m'mutu mwawo.

"Bambo, mwamva?" anafunsa mkazi wawo ndi mawu osasa.

"Ndamva, mayi."

"Mwamva chiyani?"

Dokotala anabwereza. Chotupa chimene mayiwo anali nacho pakholingo chinali khansa, ndipo panafunika opaleshoni yochotsa mbali yonse imene imatulutsa mawu. "Moyo upulumuka," anatero dokotalayo, "koma mawu amene mukuwadziwawa sadzabweranso. Mayi tiwagoneka lero kuti tiyambe kuwakonzekeretsa. Opaleshoni ichitika Lolemba la sabata yamawa."

A Nthambo anagwedeza mutu. Anadikira kuti mtima uwawe, koma sunawawe. Unangochita dzanzi ngati mwendo umene munthu waukhalira nthawi yaitali. Potuluka anamuuza dokotala za bawuti ija.

Dzina loti a Nthambo linachokera kutchalitchi. Mkati mwa sabata ankakonza mawailesi m'kashopu kawo kothina, koma Lamlungu likafika zokuzira mawu zonse za mumpingo zinali m'manja mwawo. Ankalawirira anthu onse asanafike, nthambo zili paphewa, n'kukakhala kumbuyo kwenikweni pa tebulo la mikisa, makina a timabatani tambirimbiri okwezera ndi kutsitsira mawu a aliyense amene wagwira mayikolofoni. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisanamizane. Zaka zonsezo sipika sinalirepo kuti tswii abusa ali pakati pa ulaliki. Anali ndi malamulo awo osapindika. Foni ankaizimitsa akakhala pafupi ndi mikisa, chifukwa imalowetsa phokoso m'masipika. Mayikolofoni yoloza kumpingo ankaitsitsa mpaka pansi, ati anthu a m'mabenchi poimba amasokoneza kwaya. Mapemphero onse ankawajambula n'kukawasunga mu kompyuta yakushopu.

Koma abusa akati tiyeni titseke maso tipemphere, maso awo ankakhala ali tong'o pa timagetsi ta mikisa. Nanga munthu angatseke bwanji maso kagetsi kofiira kakuphethira? Ulaliki ankaumva monga anamvera fani ija: apa mawu akwera, apa atsika, apa abusa atalikira mayikolofoni. Kunyumba nako wopemphera anali mayi. Pa chakudya mayi, pogona mayi, ana akadwala mayi, ana atakula n'kuchoka pakhomo mayi omwewo. Gawo la a Nthambo linali Amen basi, ndipo mkazi wawo ankawaseka kuti ngakhale Amen yomweyo imabwera mochedwa, ngati ya munthu wodzutsidwa kutulo.

Mayiwo anagonekedwa pa bedi la pakona, pafupi ndi zenera. Mawa lake a Nthambo anafika nthawi yoona odwala atanyamula kachikwama. Anaima kumiyendo kwa bedi, poti kuima kumbuyo kwa zinthu kunali chizolowezi chawo, ndipo mkazi wawo atayankhula iwo sanamve. Mawu anali atatsika kwambiri. Pamenepo anatsegula kachikwama kaja n'kutulutsa kamayikolofoni kopana pakolala ndi kasipika kakang'ono.

"Ndakukonzerani aka, mayi. Mukangonong'ona, ine ndizimva ngakhale nditaima pakhomo apo."

Mayiwo anakayang'ana kachipangizoko, anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anakakankha ndi chala. Anawakodola amuna awo. A Nthambo anasendera n'kuwerama mpaka khutu lawo linafika pafupi ndi pakamwa pa mkazi wawo.

"Ndiye mukufuna muzindimvera muli pakhomo? Khalani pansi, bambo. Mpando uwo."

Anakhala chakunsonga kwa mpandowo, chikwama chili pamiyendo.

"Mawu anga atsala pang'ono, sindikufuna kuwamwaza," ananong'ona mayiwo. "Ndikupempha chinthu chimodzi. Lisanafike Lolemba, mubwere tipemphere awiriwiri. Inu muyambe, ine nditsirize. Chikwatiranireni sindinakumveni mukuyankhula ndi Mulungu. Ndikasiya kuyankhula ine, m'nyumba muja adzayankhula naye ndani?"

"Tipemphera, mayi."

"Lero?"

"Lero ndiye pali kuyesa zida. Paja msonkhano waukulu uja uyamba Lachisanu, mipingo yonse ya m'dera lino ibwera. Ukangotha Lamlungu masana ndibwera, tidzapemphera mosathamanga."

Zoona zake, nthawi inalipo. Chimene chinasowa ndi mawu. A Nthambo sankadziwa kuti pemphero amaliyambira pati, ndipo ankachita manyazi kuti mkazi wawo adziwe zimenezo, ngati kuti sankadziwa kale. Pofuna kusintha nkhani anatulutsa foni n'kuika ulaliki wa Lamlungu lapitalo, umene anajambula okha.

Ulalikiwo uli mkati kunabwera namwino wachikulire, wa magalasi olendewera pa kachingwe, kudzasintha botolo la diripi. Anagwira ntchito yake akumvetsera.

"Ulaliki wabwino uwu," anatero namwinoyo. "Munalipo, bambo?"

"Ndine ndinajambula, anesi. Koma tamverani bwinobwino, sipika yakumanzere inkang'ung'udza pang'ono."

"Ine ndikufunsa za nkhaniyo. Abusawa akulalikira chiyani?"

Mkazi wawo anatembenukira kuzenera.

"Ndi nkhani ya Marita ndi Mariya, mu Uthenga Wabwino wa Luka, mutu wa khumi," anatero namwino akukoleka botolo. "Yesu analowa m'nyumba ya akazi awiri apachibale. Marita anathamangira kukhitchini, mapoto gobedegobede, kufuna kuti mlendo adye bwino. Mariya anangokhala pansi pafupi ndi mapazi a Yesu n'kumamvetsera. Marita atatopa anadandaula kuti m'bale wake wamusiyira ntchito yonse. Yesu sananene kuti kuphika n'kulakwa, ayi. Anangomuuza kuti watanganidwa ndi zambiri pamene chofunika n'chimodzi, ndi kuti chimene Mariya wasankha palibe adzamulanda. Mlendo anali m'nyumba, bambo, koma mwini nyumba sanamumve."

"Komatu wina ayenera kuphika," anatero a Nthambo.

"Ayenera ndithu. Inenso ndine Marita wa m'chipinda chino, ndimayamba kuthamanga m'mawa. Koma ntchito ino inandiphunzitsa kuti wodwala ukhoza kumupatsa mankhwala onse pa nthawi yake osamuyang'ana kumaso ngakhale kamodzi. Kwa Mulungu n'chimodzimodzi. Manja akhoza kumutumikira mtima uli kwina."

Nthawi yoona odwala itatha, namwino uja anawatsatira mpaka pakhonde n'kutsitsa mawu. "Bambo, chotupa chija chikukula msanga. Lolemba walisankha ndi dokotala, chotupacho sichinauzidwe. Chimene mayi apempha chitani msanga. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu."

A Nthambo anathokoza mwaulemu, monga munthu amathokozera wakumuuza njira imene sadutsa. Komabe mawuwo anawatsata mpaka kutchalitchi. Kumeneko anapeza mkulu wa mpingo, amene ankayendetsa zokonzekera msonkhano, akulamula anthu osanja mabenchi, thukuta lili kamukamu.

"Akulu, ndimati mwina Loweruka ndisabwere. Mayi kuchipatala kuja akufuna kuti..."

"Aa, a Nthambo! Inu kusowa? Ndiye tingotseka msonkhanowu. Alendo onsewa adzamva bwanji Mawu? Inu gwirani ntchito ya Mulungu, Mulungu agwira yanu. Mayi ali m'manja mwa madokotala. Inu mukachitako chiyani kumeneko, mukagwira nawo mpeni? Tidzawapempherera pompano, pa mayikolofoni, aliyense amve."

Mkuluyo sanali munthu woipa. Kungoti akayang'ana a Nthambo ankaona nthambo, osati munthu. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti malangizowo anawakomera a Nthambo, chifukwa anawapatsa pobisala pooneka poyera. Analipo ena mumpingomo amene akanatha kuyatsa zida n'kuziyendetsa tsiku limodzi, koma iwo sanalolepo munthu kukhudza mikisa yawo.

Masiku otsatirawo kuchipatala ankangodutsako. Ankasiya zipatso pa kakabati, kuima kumiyendo kwa bedi, kufunsa ngati mayi agona bwanji. Mayiwo ankaloza mpando. Iwo ankayankha kuti, "Lamlungu, mayi," n'kuyang'ana wotchi.

Loweruka tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mazenera. Foni ya a Nthambo inali yozima m'chikwama, monga mwa lamulo. Mawu tsiku limenelo anatuluka bwino zedi, moti alendo ena anabwera kudzawagwira chanza. Mkulu wa mpingo anasunga lonjezo lake: anaimirira kutsogolo n'kupempherera mayi a kunyumba kwa a Nthambo ndi mawu amphamvu, anthu onse atawerama. A Nthambo anaona kuti mkuluyo wayandikitsa kwambiri mayikolofoni kukamwa, ndipo anatsitsako pang'ono.

Anayatsa foni dzuwa litapendeka, atamaliza kukulunga nthambo zonse. Foniyo inanjenjemera m'manja mwawo kwa nthawi yaitali. Onse amene anaimba anali a kuchipatala.

Namwino wa magalasi uja anakumana nawo pakhonde. Sanawakalipire.

"Tinakuimbirani mpaka kutopa, bambo. Chakum'mawaku chotupa chija chinatseka njira ya mpweya, mayi anayamba kubanika. Madokotala sakanadikira Lolemba. Opaleshoni yachitika, yayenda bwino. Ali moyo."

"Anandifunsa?"

Namwinoyo anavula magalasi. "Anakufunsani. Tikupita nawo ku opaleshoni anandikoka dzanja n'kunong'ona kuti, 'Abwera?' Ine ndinati akubwera. Atatero sanayankhulenso."

Namwinoyo anawalola kuona mkazi wawo pang'ono. Mayiwo anali mtulo, khosi lili lokulungidwa ndi mabandeji, kapaipi kopumira kali pansi pa mmero. Pambali pa bedi panali makina olira tii, tii, tii. A Nthambo anaima kumiyendo kwa bedi n'kumamvetsera makinawo. Ankalira bwino, mosadumphadumpha. Misozi sinabwere. Palibe chimene chinabwera, ndipo zimenezi ndizo zinawaopsa, kuti kodi munthu angaume chonchi akuyenda ndi miyendo yake?

Lamlungu m'mawa anasiya makiyi a kabati ya zida kwa mlonda wa tchalitchi n'kupita kushopu. Anakankha mawailesi ophwasula amene anali patebulo, anayatsa kompyuta, navala mahedifoni. M'menemo munali mapemphero a zaka ndi zaka. Mkazi wawo ankakhala pa benchi la kutsogolo, mbali ya amayi, ndipo asanadwale anali woimba mokweza, moti ana awo ankachita naye manyazi. Ndiye kuti mawu ake ayenera kukhala penapake m'menemo.

Anatsegula mapemphero oyamba. Kwaya inamveka bwino. Abusa anamveka bwino, ndi chifuwa chawo chomwe. Nyimbo ya mpingo wonse itayamba, kunamveka kwaya yokha, ndipo kumbuyo kwake kaphokoso kakutali kosadziwika mwini. Anatsegula ena, n'chimodzimodzi. Anatsegula a chaka chimene mwana wawo woyamba anamanga ukwati, n'chimodzimodzi. Anakweza mpaka pamapeto, makutu anawawa, koma chinamveka ndi shii basi. Mayikolofoni ya kumpingo anaitsitsa okha, ndi chala chawo chomwecho, Lamlungu lililonse. Abale, munthu amene anajambula chifuwa cha abusa analibe ngakhale liwu limodzi la mkazi wake.

Foni inalira. Anali mkulu wa mpingo. A Nthambo anaiyang'ana mpaka inasiya yokha. Anavula mahedifoni, kenaka anatseka shopu n'kuyamba ulendo wa kuchipatala. Chikwama anachisiya patebulo.

Anapeza namwino uja akusamba m'manja pa sinki ya pakhonde.

"Adzuka," anatero namwinoyo. "Akumva zonse."

"Anesi, ndachedwa."

"Pa mawu awo mwachedwa, sindikunamizani. Amenewo sadzabweranso. Koma makutu awo ali bwinobwino, ndipo a Mulungu nawo sanachitidwe opaleshoni."

A Nthambo anayang'ana pansi. "Ine kupemphera sindidziwa. Zaka zonsezi ndili m'tchalitchi, koma sindidziwa. Ndipo mtima wangawu uli zii. Ndikanakhala munthu bwenzi ndikulira, koma sindikumva kanthu. Ndikaime bwanji pamaso pa Mulungu ndi mtima wotere?"

"Mukamuuze zomwezo," anayankha namwino akupukuta m'manja. "Anthu amaganiza kuti kupembedza ndi mtima wonse ndiye kukhala ndi mtima wotentha, wosefukira. Ayi. Ndi kubwera ndi mtima umene muli nawowo, wonse, osasiyako wina ku nthambo. Ngati ndi wouma, bwerani nawo woumawo. Mariya uja sitikumva kuti ananena mawu okoma. Anangokhala pansi, pafupi. Kaloweni, bambo, ndipo ulendo uno musakaime kumiyendo."

Analowa. Anakoka mpando uja mpaka kumutu kwa bedi n'kukhala, msana wonse utatsamira. Mkazi wawo anawayang'ana. M'maso mwake munalibe mkwiyo, ndipo kwa a Nthambo mkwiyo ukanakhala wopepuka. Anafuna kunena kuti pepani, anafuna kufotokoza za foni, za msonkhano, za mkulu wa mpingo. Mayiwo anapukusa mutu pang'ono, monga mabandeji analolera. Kenaka anakweza dzanja mwapang'onopang'ono, nafikitsa zala ziwiri pa zikope za amuna awo n'kuzitseka.

Mumdimawo a Nthambo anamva zonse. Makina aja akuti tii, tii. Tayala la kangolo ka mankhwala likulira pakhonde, lofunika mafuta. Mpweya ukulowa ndi kutuluka m'kapaipi ka pakhosi pa mkazi wawo. Anafunitsitsa kutsegula maso, koma sanatsegule. Anapapasa pabedi mpaka anapeza dzanja lija.

"Ambuye," anayamba, mawu akutuluka mokakamira ngati chitseko cha dzimbiri. "Ndine. Ndine uja wakumbuyo. Ndakhala m'nyumba mwanu zaka zonsezi, koma sindinakhale pansi kuti ndikumveni. Mkazi wangayu ndiye ankakuyankhulani m'malo mwa tonse. Anandipempha chinthu chimodzi, ine ndinali ndi zambiri. Lero sangathe kuyankhula. Mtima wanga sukumva kanthu, Ambuye. Ndabwera nawo choncho. Ndilibe wina."

Mawu anathera pamenepo. Pangano lija linali loti iwo ayambe, mayi atsirize, ndipo mwa chizolowezi cha zaka zonse anadikira liwu la mkazi wawo. Anadikira ndithu. Kunamveka mpweya wokha m'kapaipi.

Kenaka dzanja lija linafinya lawo, mwamphamvu kuposa mmene ankaganizira kuti wodwala angathe, ndipo silinasiye. Pamenepo dzanzi lija linayamba kuchoka, ndipo monga zimakhalira mwendo ukamatsitsimuka, kunabwera ululu. Misozi inatsika m'maso otsekawo n'kugwera pa dzanja la mkazi wawo.

"Amen," anatero a Nthambo. Anainenera onse awiri, ndipo ulendo uno sinachedwe.

Phunziro: Kutumikira m'nyumba ya Mulungu n'kwabwino, koma ntchito ya manja isalowe m'malo mwa mtima. Munthu akhoza kutha zaka ali m'tchalitchi, akuthandiza ena kumva Mawu, iye mwini osawamva. Yesu anauza Marita kuti chofunika n'chimodzi: kukhala pafupi ndi kumvetsera. Tibwere kwa Mulungu ndi mtima wonse, ngakhale utakhala wouma, ndipo chimene okondedwa athu atipempha lero tisachiikire Lamlungu.